Torrent imayenda bwanji, nanga mungaigwiritse bwanji ntchito bandulo osakutherani

Aliyense amene anayesapo kupanga download fayilo yaikulu pa browser kuno ku Zomba akudziwa mmene zimathera. Chinthu cha 3 GB chafika pa 80 peresenti, magetsi azima, kapena mvula yatsika m'phiri netiweki yagwa kuchoka pa 4G kufika pa E, basi pa sikirini n'kungolemba kuti Failed. Nthawi zina imalola kupitiriza, nthawi zina muyambirenso pa ziro pomwe bandulo yapita kale. Torrent, njira yokopera fayilo m'zidutswa kuchokera kwa anthu ena pa intaneti, vuto limeneli ilibe, nchifukwa chake ine ndimati imatiyenera ife a magetsi ozimazima kuposanso anthu amene anaipanga. Koma ili ndi khalidwe lina lomwe likhoza kukulizani, imadya data mbali ziwiri, pamene mukulandira mumakhalanso mukutumizira ena ndipo kampani ya foni imawerengera zonsezo. Nde tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono, cholinga chikhale chakuti munthu mmodzi akopere kamodzi, enafe a m'hosteli kapena pa ofesi titengere kwa iyeyo osawononganso ndalama.

Timvetse kaye zomwe zimachitika mkatimo

Download wamba imakhala ya awiri, inu ndi seva ya eni webusaiti. Fayilo yonse ili pa seva imodziyo, anthu akachuluka imalemedwa aliyense n'kumalandira mochedwa. Njira ya P2P, kutanthauza peer-to-peer, imachotsa seva pakatipo, makompyuta a anthu wamba ngati inu ndi ine amapatsana okha fayiloyo. Njira yotchuka kwambiri masiku ano ndi BitTorrent, ndiyo torrent tikunenayi, yomwe anaipanga Bram Cohen wa ku America mu 2001.

Nzeru yake ndi yodula fayilo m'zidutswa zofanana kukula, mwina 256 KB, mwina 1 MB, mwina 4 MB kutengera kukula kwa fayiloyo, ndiye ya 3 GB yodulidwa pa 1 MB ndi zidutswa pafupifupi 3,000. A ku Chanco amvetsa msanga apa. Alekichala asiya handout imodzi yokha kwa class rep, kalasi ndi yodzadza. M'malo moti onse afole kudikira pepala lomwelo, uyu wapanga photocopy masamba oyambirira, uyo apakati, wina omaliza, kenako madzulo ku Chikanda akusinthana okhaokha, pofika mawa aliyense ali nayo yonse pomwe original inangotuluka kamodzi. Amene ali ndi fayilo yonse ndipo akungogawira ena amatchedwa seed, amene akadali ndi mbali chabe ndi ma peer, gulu lonse pamodzi amati swarm. Mawu atatu amenewa muwaona paliponse mu pulogalamu.

Pali malamulo awiri omwe pulogalamu imatsata yokha inu osadziwa. Loyamba, siyamba ndi chidutswa choyamba kenako chachiwiri ayi, imayamba yasaka chidutswa chomwe chili ndi anthu ochepa kwambiri m'gulumo, kuti seed akazimitsa kompyuta chisasowe. Nchifukwa chake vidiyo ikakhala pa 60 peresenti nthawi zambiri sitheka kuonera, mabowo ali paliponse. Lachiwiri ndi la ndipatse ndikupatse, ma peer amakondera amene akuwatumizira mwachangu, ndipo pakapita masekondi pafupifupi 30 aliwonse pulogalamu imapatsako mwayi munthu wina mwachisawawa kuti watsopano yemwe alibe kalikonse apeze poyambira.

Ndiye chomwe chimatipulumutsa ife ndi hash. Chidutswa chilichonse chili ndi nambala yaitali yowerengedwa kuchokera ku zomwe zili m'chidutswamo, ma torrent ambiri amagwiritsa SHA-1, atsopano SHA-256. Chidutswa chikafika pulogalamu imawerengera nambala ija, ikafanana ndi yolembedwa mu torrent imachisunga, ikasiyana olo pang'ono imachitaya n'kupemphanso chimodzi chokhacho. Netiweki idukeduke mmene ingathere, zomwe zatsimikizidwa kale sizibwerezedwanso.

Choyamba: ikani pulogalamu

Pa laputopu ikani qBittorrent, ndi yaulere, ilibe malonda otulukira pa sikirini, imagwira pa Windows, Linux ndi Mac. Itengeni pa webusaiti yawo yeniyeni ya qbittorrent.org osati pa fulashi ya munthu yomwe yazungulira malaputopu a hosteli yonse. Transmission ndi Deluge nazonso zili bhobho. Ambiri anazolowera uTorrent, imagwira inde koma yaulereyo ili ndi ma advert, ine sindiona chifukwa chovutikira nayo. Pa foni ya Android pali LibreTorrent. Zomwe ndilongosole m'munsimu ndi za qBittorrent koma mayina a ma setting amafananako kwina konseku.

Poika, Windows ikufunsani za firewall ngati muilole pulogalamuyi. Lolani makamaka pa private network, zidzafunika pamene tizigawana pafupi.

Chachiwiri: chepetsani upload musanakopere kanthu kalikonse

Apa ndi pamene anthu amalirira, nde musadumphe. Tsegulani Tools, Options, Speed. Pamwamba pali Upload ndi Download, zonse zimabwera zopanda malire. Pa Upload lembani kaya 20 KiB/s. Pa liwiro limeneli olo itumize ola lathunthu osapuma ndi pafupifupi 70 MB basi. Chenjerani ndi ziro amwene, mukalemba 0 poganiza kuti mwatseka ndiye kuti mwatsegula kotheratu, mu qBittorrent 0 amatanthauza palibe malire ndipo kabokosiko kamaonetsa chizindikiro chija chokhala ngati 8 wogona. Musaikenso 1 KiB/s chifukwa cha lamulo la ndipatse ndikupatse lija, komanso pulogalamu imafuna kampata kotumizira mapempho a zidutswa, mukaifinya kwambiri download nayonso imafooka.

Kenako pitani pa BitTorrent mu Options momwemo, pansi pali Seeding Limits. Ratio ndi zomwe mwatumiza poyerekeza ndi zomwe mwalandira, ratio ya 1.0 pa fayilo ya 6 GB ndiye kuti mwatumizanso 6 GB ina, zonse pamodzi 12 GB pa bandulo yanu. Ngati muli pa data ya foni chongani When ratio reaches, ikani 0.1 ndipo musankhe kuti ikafika pamenepo iime. Kumayiko a intaneti yopanda malire amati ulemu ndi kusiya seed mpaka 1.0 kapena kupitirira, ndipo akunena zoona chifukwa popanda ma seed torrent imafa, koma ulemu umenewo muuchite tsiku lomwe muli pa WiFi yosawerengera ma GB ndipo eni ake alola. Pa bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo palibe angakudzudzuleni.

Kumbukiraninso kuti kudina X sikutseka pulogalamuyi nthawi zonse, ikhoza kubisala pafupi ndi wotchi pansipo n'kumapitiriza kutumiza. Tsekani ndi File, Exit. Ndipo bandulo ya WhatsApp kapena Facebook sigwira torrent, imafunika ya intaneti yonse, apo bii ikatha iyamba kudya ma units ngati simunatseke zimenezo ku netiweki yanu.

Pomwe muli pa ma setting, Windows 10 ndi 11 nayonso ili ndi P2P yakeyake yogawira ma update, amati Delivery Optimization, ili mu Windows Update pa Advanced options. Isiyeni pa local network pokha kapena izimitseni, ndipo hotspot ya foni yanu muichonge kuti ndi metered connection.

Chachitatu: pezani torrent yoyenera

Imabwera mitundu iwiri. Pali kafayilo kakang'ono kothera ndi .torrent, mkati mwake muli mayina a mafayilo, kukula kwake, ma hash a zidutswa zonse ndi ma adiresi a ma tracker, ma seva okupezerani anzanu a mu swarm. Pali magnet link, mzere woyamba ndi magnet:?xt=urn:btih: kenako zilembo ndi manambala 40, imeneyi mukhoza kungotumizirana pa WhatsApp ngati uthenga wamba. Ndi magnet pulogalamu imayamba yasaka ma peer kuti aipatse ndandanda ija, nde mukaona Downloading metadata kwa kanthawi musadabwe.

Zoti muyesere zilipo zambiri zomwe eni ake amagawa okha mwalamulo. Ubuntu, Debian ndi Linux Mint, mitundu ya Linux yoika pa kompyuta m'malo mwa Windows, onse ali ndi ma torrent pa mawebusaiti awo, Ubuntu 24.04 ya desktop ndi pafupifupi 6 GB, Mint ndi pafupifupi theka lake. LibreOffice, yogwira ntchito ngati Microsoft Office, ilinso ndi torrent. Internet Archive ili ndi mabuku akale ndi zomvera zambirimbiri. Chomwe ine ndimachikonda kwambiri ndi Kiwix, imakupatsani Wikipedia yowerenga popanda intaneti, ya Chingerezi yonse ndi zithunzi zomwe ndi ya ma GB oposa 100 koma pali zing'onozing'ono za phunziro limodzi monga zachipatala, masamu kapena chemistry. Mphunzitsi wa ku Jali kapena Mayaka akhoza kukopera ali m'tauni, kuika pa kompyuta ya sukulu, ana n'kumawerenga chaka chonse popanda bandulo.

Ndikudziwa ambiri mukufuna mafilimu ndi ma series, tisanamizane. BitTorrent payokha si yoletsedwa, koma kugawa nyimbo, filimu kapena pulogalamu ya eni popanda chilolezo ndi kuphwanya Copyright Act ya 2016, ndipo za umwini wa nyimbo ndi zolembalemba kuno amayang'anira ndi a COSOMA. Pa torrent simungati ine ndimangolandira, pulogalamu ija imakhala ikutumiziranso ena nthawi yomweyo, ndipo adiresi yanu ya IP, nambala yomwe mumadziwika nayo pa intaneti, imaoneka kwa aliyense mu swarm, dinani pa Peers muone mmene inu mukuonera za anzanu ndi mbendera za mayiko awo. Za oimba athu a konkuno ndiye musachite n'komwe, anthuwa amavutika kale ndi kubenedwa kwa nyimbo m'misika.

Chinanso, hash ija imangotsimikiza kuti mwalandira ndendende zomwe anaika wopanga torrent, sikuti zomwe anaikazo ndi zabwino. Akaika vairasi mulandira vairasi yathunthu yosaonongeka. Mu File Explorer yatsani File name extensions kuti muziona mathero enieni a dzina. Vidiyo imathera ndi .mp4, .mkv kapena .avi, mukaona .exe, .scr kapena .lnk kumapeto, kapena zip yofuna password yomwe akuti mukaitenge pa webusaiti ina, fufutani osatsegula. Ma crack, mapulogalamu ogulitsa omwe athyoledwa kuti agwire osalipira, ndiye khomo lalikulu la ma vairasi, pa laputopu yomwe muli dissertation kapena mumalowera ku banki musayerekeze.

Chachinayi: ikani ndipo sankhani zomwe mukufuna

Dinani File, Add torrent file, kapena Add torrent link ngati ndi magnet. Patuluka windo yoonetsa mafayilo onse a mkati ndi kukula kwake. Werengani musanadine OK, chotsani chizindikiro pa zomwe simukuzifuna, palibe chifukwa chokopera ma GB 20 pomwe mukufuna buku limodzi la 50 MB. Sankhani foda yomwe ili ndi malo okwanira. Ngati mukusungira pa fulashi kapena memory card onani kaye format yake, FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB olo fulashiyo ikhale ya 32 GB, imafunika exFAT kapena NTFS.

Chachisanu: muziwerenga zomwe pulogalamu ikukuuzani

Funso lomwe limabwera ndi lakuti, seva kulibe nanga kompyuta yanga ya ku Matawale ikumudziwa bwanji munthu wa ku Brazil yemwe ali ndi chidutswa changa? Napster ya Shawn Fanning, P2P yogawana nyimbo yomwe inayamba mu 1999, inkasunga ndandanda ya nyimbo zonse pa seva zake, makampani a nyimbo ataisumira khoti linalamula, mu 2001 seva zija n'kuzimitsidwa zonse n'kuthera pomwepo. P2P ina, Gnutella ya mu 2000, inalibe likulu, funso losaka fayilo linkangodutsa kompyuta ndi kompyuta koma inkalemedwa anthu akachuluka. BitTorrent ili ndi njira zingapo nthawi imodzi. Tracker ndi seva yomwe sisunga fayilo, imangosunga ma adiresi a amene ali mu swarm. DHT, yomwe inalowa mu 2005, imamwaza ma adiresiwo pa makompyuta a ogwiritsa ntchito eni ake moti tracker ife DHT ipezabe anthu. PeX ndi ma peer kuuzana okha za ena omwe akuwadziwa. Local Peer Discovery imasaka a pa WiFi yomweyo. Zitatu zomalizazi zili mu Options pa BitTorrent, zonse zikhale zochonga.

Pa mzere wa torrent yanu muona Seeds yolembedwa mwina 8 ndi nambala ina yaikulu pambali, yoyambayo ndi amene mwalumikizana nawo, inayo ndi onse omwe akudziwika. Ma seed ziro ndi chizindikiro choipa koma osati imfa, onani Availability. Ikakhala 1 kapena kuposa ndiye kuti zidutswa zonse zilipo pakati pa omwe mwalumikizana nawo, ikakhala 0.97 torrent ija ikaima pa 97 peresenti mpaka atabwera munthu wokhala ndi zotsalazo, mwina mawa mwina osabweranso. Onani zimenezi koyambirira musanathire ma GB pa chinthu chosatha.

Liwiro nalo limasokoneza anthu. Speed test imalemba Mbps, pulogalamu imalemba KiB/s kapena MiB/s, gawani ndi 8. Netiweki ya 5 Mbps ikupatsani pafupifupi 600 KiB/s, Ubuntu ija ndiye maola awiri ndi mphindi 40 zinthu zikayenda bwino osaduka. Pa data ya foni kawirikawiri pansi pa pulogalamu pamaoneka kachizindikiro kakuti No direct connections, chifukwa makampani a foni amaika makasitomala ambiri kuseri kwa IP imodzi, ndiye inu mukhoza kufikira ena koma ena sangayambe kukufikirani. Za port forwarding zomwe amanena pa YouTube sizithandiza pamenepa, musataye nazo nthawi. Torrent ya ma seed ambiri imathamangabe, yokhala ndi seed mmodzi yemwe nayenso ali pa data ya foni ndiyo imavuta. Ma WiFi a m'masukulu ndi m'maofesi ambiri amatseka torrent dala, akatseka atseka, musalimbane ndi a ICT.

Chachisanu ndi chimodzi: magetsi akazima, kapena fayilo ikaonongeka

Mukayatsanso kompyuta tsegulani qBittorrent, ipitiriza pomwe inalekera. Ngati inazima mwadzidzidzi, makamaka desktop yopanda batire, dinani kumanja pa torrent ija musankhe Force recheck. Muona peresenti ikuyamba pa ziro n'kumakwera mwachangu, mtima usagunde, sikukopera ayi ikungowerenga zomwe zili pa disiki n'kufananiza ma hash, data sikudyedwa. Ikamaliza imangotenga zidutswa zomwe zasowa.

Force recheck yomweyi ili ndi ntchito ina yokoma. Tinene kuti mnzanu wakupatsani Ubuntu pa fulashi koma ikukana kuika, penapake inaonongeka pokopera. Musayambirenso 6 GB. Pezani torrent ya version yomweyo ndendende, ikani fayilo ija mu foda yomwe torrent izisungira, dzina likhale lofanana ndi la mu torrent, onjezani torrent osaiyambitsa, pangani Force recheck. Ikhoza kunena 99.8 peresenti, mukaiyambitsa ingokopera ma MB ochepa owonongekawo basi fayilo yachira.

Chachisanu ndi chiwiri: gawanani pafupi

Tsopano mmodzi wamaliza, ena asanu akufuna chinthu chomwecho. Onse alumikizane pa rauta imodzi kapena hotspot imodzi, ndipo data ya foni yopereka hotspot izimitsidwe kuti pasadutse kanthu kupita kunja, mafoni ambiri amalola hotspot kuyaka data ili yozima. Amene ali ndi fayilo yonse ayambitsenso torrent yake, achotse kaye malire a ratio aja, ndipo mu Speed achotse chizindikiro pa Apply rate limit to peers on LAN, apo bii anzake azilandira pa 20 KiB/s mpaka kuche. Enawo apatsidwe kafayilo ka .torrent pa Bluetooth kapena fulashi, aonjezere, Local Peer Discovery iwapezanitsa okha.

Ikapanda kuwapeza, zomwe zimachitika pa ma hotspot ena, alowetseni pamanja. Mwini fayilo atsegule Command Prompt alembe ipconfig, aone IPv4 Address, ikhala ngati 192.168.43.12, kenako aone port yake, nambala ya khomo lomwe qBittorrent imalandirira anthu, mu Options pa Connection. Wolandira adine torrent, apite pa Peers, adine kumanja, Add peers, alembe adiresi ija, colon, kenako port. Zikakanabe ndi firewall ija ya poyamba, kapena WiFi yomwe imaletsa zipangizo kuonana. Ubwino wake kuposa fulashi ndi wakuti asanu aja amayambanso kupatsana okhaokha, aliyense amalandira fayilo yotsimikizika, ndipo palibe fulashi yonyamula vairasi kuchoka laputopu iyi kupita iyo.

Mukhozanso kupanga torrent yanu, kaya ya mavidiyo a ukwati, kwaya ya kutchalitchi kapena ma past paper omwe kalasi yasonkhanitsa. Tools, Torrent Creator, sankhani foda, piece size isiyeni pa Auto, chongani Start seeding immediately. Pa Private torrent musachonge, imazimitsa DHT, PeX ndi Local Peer Discovery yomwe. Dziwani kuti aliyense wopeza magnet link ija akhoza kukopera malinga ngati pali seed pa intaneti, ndipo ikafalikira simungaibweze, nde zithunzi za m'banja kapena mafayilo a kuntchito musaike pa torrent. Kutumizira m'bale wa ku Lilongwe kapena Johannesburg nonse muli pa data ya foni nthawi zambiri kumakanika chifukwa cha vuto la IP lija, pamenepo bola Google Drive.

Ngati ndi anthu awiri okha pa tebulo limodzi ndi kafayilo kamodzi, zonsezi n'zochuluka, Quick Share ya Android, Xender kapena LocalSend zikwanira, nazonso zimatumiza chipangizo ku chipangizo osadya bandulo. Pochotsa torrent mu qBittorrent mukamaliza, kawindo kamene kamatuluka kali ndi kabokosi kofunsa ngati ifufutenso mafayilo enieniwo pa disiki, kabokosi kameneko kasiyeni kosachonga.